Loweruka masana mpaka Lolemba m'mawa: chipatala chikatsala m'manja mwa munthu mmodzi

Chithandizo cha mwadzidzidzi m'zipatala za boma ku Malawi sichitsekedwa mwalamulo tsiku lililonse. Palibe chikwangwani chimene chimakhomedwa pachipata chouza odwala kuti Loweruka ndi Lamulungu asabwere. Chimene chimachitika n'chakuti chipatala chimachepa mphamvu. M'zipatala zing'onozing'ono zambiri, chipinda choonera odwala oyendera chimatsegulidwa cha m'ma 7:30 m'mawa ndi kutsekedwa chakumadzulo kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo Loweruka ntchito imalekezera masana. Kuchokera pamenepo mpaka Lolemba m'mawa pali maola oposa 43. Pa maola amenewa khamu la ogwira ntchito limabalalika, zenera loperekera mankhwala limatsekedwa, ndipo chipatala chonse chimatsamira pa mzamba amene ali ku chipinda chochirira amayi ndi dokotala mmodzi amene achipatala amati "ali pa kolo", kutanthauza kuti ali kunyumba koma angathe kuitanidwa nthawi iliyonse.

Sabata ili ndi maola 168. Maola amene chipatala chaching'ono chimakhala chotsegula mokwanira ndi pafupifupi 50 okha. Otsalawo, omwe ndi ochuluka kuposa kawiri, ndi a usiku, a wikendi, kuwonjezerapo masiku a tchuthi. Matenda a mwadzidzidzi sasankha ola, choncho gawo lalikulu la iwo limagwa pa nthawi imene chipatala chili ndi manja ochepa kwambiri.

Dera ndi makwerero a chithandizo

Titenge chitsanzo cha dera la Mfumu Yaikulu Kaphuka, limene lili kumtunda kwa boma la Dedza, chakumpoto kwa tauni ya Dedza, m'dziko la mapiri ndi madambo kumene anthu amalima chimanga, nyemba, soya, mtedza ndi mbatata ya kachewere. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo palibe tauni ina m'dziko muno yokwera kuposa pamenepo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 830,000 m'boma lonse. Anthu onsewa ali ndi chipatala chachikulu cha boma chimodzi, cha pa Dedza, chomwe chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe.

Chithandizo chidasanjidwa ngati makwerero. Pansi penipeni pali alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene kuyambira 2008 ambiri a iwo m'madera ovuta kufikako amayendetsa kachipatala ka ana osapitirira zaka zisanu, kupereka mankhwala a malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Pamwamba pawo pali zipatala monga cha Kaphuka, cha Mayani, cha Lobi ndi cha Chitowo. Pambali pake pali zipatala za mishoni zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, monga cha Kasina, cha Mtendere, cha Bembeke ndi cha Mua kumunsi kwa Khwekhwerere. Wodwala amene wakanika pa zipatala zimenezi amatumizidwa ku Dedza, ndipo akakanika ku Dedza amapita naye ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Anthu ena a kumpoto kwa boma amawoloka malire kupita ku Nkhoma, chipatala cha mpingo wa CCAP chimene chili m'boma la Lilongwe.

Chipatala chaching'ono chilibe chipinda chapadera cha ovulala ndi odwala mwakayakaya monga zilili m'zipatala za m'mizinda. Chili ndi chipinda choonera odwala, chomangira mabala, chochirira amayi, ndi mabedi angapo. Ntchito yake pa matenda aakulu ndi kugwiriziza moyo: kuika diripu, kubaya jakisoni woyamba wa malungo aakulu, kuletsa kukomoka, kuchepetsa kutaya magazi, kulemba kalata m'buku la kuchipatala ndi kuitana ambulansi. Opaleshoni ndi kuthira magazi zimachitikira ku chipatala chachikulu. Tinganene kuti chipinda cha mwadzidzidzi cha munthu wa kwa Kaphuka si chipinda konse, koma unyolo: mlonda, dokotala wa pa kolo, foni, dalaivala, mafuta, msewu, thiyeta ya ku Dedza ndi botolo la magazi. Mphete imodzi ikaduka, zinazo sizithandiza.

Usiku wa Loweruka

Wodwala akafika usiku, kaya pa ngolo, pa njinga yakapalasa kapena pa njinga yamoto ya kabaza, munthu woyamba kukumana naye nthawi zambiri ndi mlonda. Iye ndiye amaona ngati nkhaniyo ndi yodzutsira adokotala, ndipo ndiye amathamanga kukagogoda kunyumba kwawo. Apa pali mfundo imene anthu ambiri saiganizira: kusankha koyamba pakati pa wodwala wodikira ndi wodwala wosadikira kumachitidwa ndi munthu amene ntchito yake yolembedwa ndi kulondera katundu. Kachiwiri, zonsezi zimatheka ngati nyumba ya dokotalayo ili pafupi. Kumene nyumba za ogwira ntchito n'zosakwanira ndipo wina amachita lendi kutali ndi chipatala, mphindi zimene zikadapulumutsa moyo zimathera m'njira.

Amene anthu amawatchula kuti adokotala pa chipatala chaching'ono kawirikawiri ndi omwe adaphunzira zaka ziwiri kapena zitatu m'sukulu monga Malawi College of Health Sciences. Ndi iwo amene asenza umoyo wa kumudzi m'dziko lino, ndipo m'zipatala za m'maboma a gulu la zaka zitatuwo ndi amene amachita maopaleshoni ambiri a amayi olephera kuchira okha. Luso lilipo. Chosowa ndi chiwerengero.

Masamu ake ndi osavuta. Ngati munthu agwira maola 40 pa sabata, malo amodzi amene ayenera kukhala ndi munthu usana ndi usiku amafuna anthu oposa anayi, tisanawerengere tchuthi, matenda, maliro ndi maphunziro. Chipatala chimene chili ndi madokotala awiri ndiye kuti aliyense amakhala pa kolo theka la mwezi. Chimene chili ndi mmodzi, ameneyo sachoka pa kolo chaka chonse. Akapita ku boma kukatenga malipiro, kukapereka malipoti kapena kukaika m'bale wake, chipatala chimakhala chotsegula pakhomo koma chotseka m'kati. Munthu amene waona odwala ochuluka masana, nadzutsidwa katatu usiku, ndipo mawa lake ayenera kuyambanso, amafika potopa. Ukali umene odwala ena amadandaula nawo usiku suyenera kuvomerezedwa, koma muzu wake nthawi zambiri uli m'kusowa tulo kumeneku.

Ku chipinda cha amayi vutoli limaonekera poyera. Mzamba mmodzi angathe kuchiritsa mayi mmodzi bwinobwino. Koma mwana akabadwa osalira pomwe mayi wake akutaya magazi, manja awiri sakwana: mwana akufuna kupumitsidwa m'mphindi yoyamba, mayi akufuna jakisoni woletsa magazi ndi diripu nthawi yomweyo, ndipo wina ayenera kuimba foni. Akuluakulu adati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Mayi wotaya magazi kwambiri atachira angathe kumwalira m'maola awiri okha ngati sathandizidwa.

Nkhani ya amayi ili ndi kulemera kwina. Mu 2007 boma lidaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa amayi, ndipo ngakhale Pulezidenti Bingu wa Mutharika adafewetsa chiletsocho mu 2010, mafumu ambiri adakhazikitsa malamulo olipiritsa mayi wochirira pakhomo kapena panjira. Nyumba za chidikiro zidamangidwa, makamaka kuchokera mu 2012 pamene Mayi Joyce Banda adalimbikitsa uchembere wabwino. Amayi adamvera. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 91 mwa 100 alionse ankabadwira kuchipatala, ndipo imfa za amayi pa uchembere zidatsika kuchoka pa 984 mwa ana 100,000 obadwa amoyo mu kafukufuku wa 2004 kufika pa 439. Dziko limene lalamula mayi kuti abwere kuchipatala lili ndi ngongole kwa iye: akafika Lamulungu usiku apeze anthu okwanira omulandira.

Matenda a kumtunda ndi a pamsewu

Nyengo ya Dedza ili ndi matenda ake. M'miyezi ya June ndi July chisanu chimaluma, chibayo chimagwira ana, ndipo anthu amawotha moto m'nyumba. Ana aang'ono ndi anthu odwala khunyu amapsa ndi moto kapena phala lotentha nyengo imeneyi. M'dzinja malungo amachuluka, mwana amafika atakomoka kapena magazi atamuthera, pomwe misewu ya dothi ya m'midzi yaterera ndipo mitsinje yadzaza. Pali amene amwa mankhwala a mbewu kapena tameki, amene amafuna jakisoni mobwerezabwereza ndi munthu wowayang'anira usiku wonse. Palinso mabala a ndewu za pamowa, zimene zimachuluka wikendi ndi masiku a msika, makamaka anthu akangogulitsa zokolola.

Msewu wa M1, umene umadutsa pa Linthipe ndi pa Chimbiya, ndi dalitso komanso tsoka. Ndiwo umafupikitsa ulendo wa ambulansi, ndiwonso umabweretsa ovulala ambiri nthawi imodzi minibasi ikagubuduzika. Njinga zamoto za kabaza zawonjezera othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu. Mothandizidwa ndi World Bank, boma lidayesa ndondomeko ya maambulansi a ngozi zapamsewu pa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, yokhala ndi nambala yoimbira ya 118. Ndondomeko yotere imathandiza wovulalira pa phula, koma mayi wa kumudzi wa kuseri kwa phiri amadalirabe ambulansi ya ofesi ya zaumoyo ya boma.

Ambulansi imeneyo imatumikira zipatala zingapo. Ikakhala kuti yapita kwina, woitana wachiwiri amadikira. Mafuta ake amachokera ku ndalama zoyendetsera ntchito zimene zimadzera ku khonsolo, thumba lomwelo limene limalipira chakudya cha odwala, madzi, magetsi ndi kukonza galimoto. Ndalamazo zikachedwa, kapena mafuta akasowa m'dziko monga zidachitikira mu 2011 ndi 2012 komanso kuchokera mu 2022, abale a wodwala amakakamizika kusaka galimoto ya hayala pakati pa usiku. Chithandizo chaulere chimasanduka chogula ndi mbuzi kapena thumba la chimanga. Ku zipatala za mishoni kumalipiridwa, koma kuyambira 2006 boma limachita mapangano ndi zipatala za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi makanda athandizidwe osalipira. Mapanganowa amayenda bwino pokhapokha boma likamabweza ndalama pa nthawi yake, ndipo bambo wolumidwa ndi njoka kawirikawiri sakhala m'gulu la opindula nawo.

Ku Dedza nako wikendi ili ndi mphete zake. Kuti opaleshoni ichitike pamafunika wochita opaleshoniyo, wogonetsa wodwala, namwino wa kuthiyeta ndi wa ku labotale woyeza magazi, ndipo ambiri a iwo amakhala pa kolo, oti galimoto ikawatenge kunyumba. Magazi amachokera ku bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene limadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale ndi makoleji. N'chifukwa chake amasowa sukulu zikatsekera, makamaka mu December ndi January, nthawi yomwe malungo akuyamba kusautsa ana.

Lokamu ndi chiwerengero cha antchito

Kuchepa kwa antchito a zaumoyo si kwa lero. Mu 2004 boma lidayambitsa ndondomeko yapadera ya zaka zisanu ndi chimodzi, mothandizidwa ndi dziko la Britain ndi Global Fund, imene idawonjezera malipiro ndi 52 peresenti ndi kukulitsa sukulu zophunzitsa anamwino ndi madokotala. Chiwerengero cha antchito a magulu ofunikira chidakwera kuchoka pa 5,453 mu 2004 kufika pa 8,369 mu 2009. Chidali chipambano chenicheni, koma anthu nawo adapitirira kuchuluka, mpaka kupyola 17.5 miliyoni mu 2018. Bungwe la WHO lidati mu 2006 dziko limafunika madokotala, anamwino ndi azamba 2.3 pa anthu 1,000 alionse, ndipo mu 2016 lidakweza muyezowo kufika pa 4.45. Malawi ali kutali ndi miyezo yonse iwiri. Chopweteka n'chakuti m'zaka zaposachedwa anamwino ambiri omaliza maphunziro akhala ali pakhomo kudikira kulembedwa ntchito, pamene mipata m'zipatala ili mbwee. Vuto lasuntha kuchoka ku sukulu kupita ku thumba la malipiro.

Chigamba chimene chimatseka mipatayi ndi lokamu: namwino kapena dokotala amagwira shifiti yowonjezera pa tsiku lake lopuma n'kulipidwa padera. Usiku ndi wikendi ndizo zimadya lokamu kwambiri. Ndalama ya lokamu ndi yochepa, ndipo m'maboma ambiri imachedwa miyezi. Ikachedwa, ogwira ntchito amasiya kulembetsa, ndipo ndandanda ya wikendi ndiyo imayamba kung'ambika. Sitalaka sikhala italengezedwa, koma wodwala amaimva m'thupi. Nthawi zina mkwiyo umafika poyera, monga mu June 2024 pamene mabungwe a anamwino ndi madokotala othandizira, NONM ndi PAUM, adanyanyala ntchito pa nkhani ya malipiro ndi maalawansi mpaka bwalo la milandu lidalowererapo. Chigamba ndi chofunika, koma nsalu imene yangokhala zigamba zokhazokha siifundika. Munthu wopuma pogwira ntchito ina sanapume.

Maiko olemera nawo akulimbana ndi wikendi. Mu 2001 Chaim Bell ndi Donald Redelmeier adafufuza odwala pafupifupi 3.8 miliyoni m'chigawo cha Ontario ku Canada, ndipo adapeza kuti pa matenda ena oopsa ogonekedwa wikendi ankamwalira kwambiri kuposa a pakati pa sabata. Akatswiri akhala akutsutsana ngati chifukwa chake n'kuchepa kwa antchito kokha kapena n'chakuti obwera wikendi amakhala odwalitsitsa kale. M'chigawo chomwecho, pakati pa July 2022 ndi June 2023, zipinda za mwadzidzidzi zidatsekedwa kwakanthawi maulendo oposa 200, makamaka m'matauni ang'onoang'ono, chifukwa chosowa anamwino. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kutseka kumalengezedwa ndi kuwerengedwa, ndipo odwala amauzidwa kopita. Kuno mlimi amadziwa kuti dokotala palibe atafika kale pachipata, wodwala ali pa ngolo.

Phunziro la ku Blantyre

Njira imodzi yodziwika padziko lonse yopulumutsira ana odwala mwakayakaya idakulira m'dziko lomwe lino. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake adakonzanso malo olandirira ana mu 2001. Mwana aliyense ankaonedwa akangofika n'kuikidwa m'gulu limodzi mwa atatu: wofuna chithandizo pompopompo, wofunika kutsogozedwa, ndi wotha kudikira pamzere. Mankhwala ndi zipangizo zopulumutsira moyo adaziika pamalo amodzi, ndipo antchito adaphunzitsidwa kugwira ngati gulu. Imfa za ana ogonekedwa zidatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 mwa 100 kufika pakati pa 6 ndi 8. Njirayi, yotchedwa ETAT, WHO idaisindikiza mu 2005 ndipo ikuphunzitsidwa m'maiko ambiri. Chipatala chomwechi chidatsegula chipinda cha mwadzidzidzi cha akuluakulu mu 2011.

Chimene chidapulumutsa anawo si makina odula. Kudali kusanja ntchito. Ndipo zizindikiro zoopsa zimene ETAT imaphunzitsa, monga kubanika, kukomoka, kuzizira manja, kulefuka kosadzuka ndi kutha madzi m'thupi, angazidziwe ngakhale amene si dokotala. M'zipatala zina m'dziko muno alangizi a zaumoyo, othandizira m'mawodi ndi alonda adaphunzitsidwa kuzizindikira. Kwa chipatala cha kumudzi chimenechi ndicho chinthu chotsika mtengo kuposa zonse, pakuti mlonda ndiye amakhala maso pa ola limene ena onse agona.

Zina zimafuna ndalama, koma si zonse. Ndandanda ya amene ali pa kolo, pamodzi ndi nambala ya foni ya chipatala, ingathe kukhomedwa pakhomo pomwe aliyense angaione. Kabati ya mankhwala a mwadzidzidzi ingathe kudzazidwa Lachisanu masana, kuti kiyi wa kosungira mankhwala asapite ndi munthu ku ukwati. Mafuta a ambulansi a wikendi angathe kupatulidwa sabata isanathe. Maphunziro ndi misonkhano zisamachotse antchito onse nthawi imodzi. Makomiti oyang'anira zipatala, amene mumakhala anthu a m'mudzi, ali ndi mphamvu yofunsa kuti ndi masiku angati pamwezi pamene chipatala chidagona chopanda dokotala, ndipo mafumu ndi makhansala angatengere yankho lake ku khonsolo. Zipatala za m'maboma zili ndi ofesi yolandira madandaulo a odwala. Madera ena amasonkha thumba la mudzi lolipirira mayendedwe a wodwala, ndipo anthu athandizapo kuumba njerwa za nyumba za anamwino.

Mbali ina ili m'manja mwa mabanja. Akatswiri Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine adalongosola mu 1994 kuti imfa za amayi zimadza ndi kuchedwa kutatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa utafika. Wikendi imakulitsa kuchedwa konse kutatu, koma koyambako n'kobisika. Banja limene lidabwezedwapo Lamulungu lina limaphunzira kunena kuti tidikire Lolemba. Mwana amene watentha thupi Lachisanu madzulo amapatsidwa panado wa pagolosale, ndipo pofika Lolemba malungo alowa m'mutu. Mizere yaitali ya Lolemba m'mawa m'zipatala za kumudzi ndi chipatso cha kudikira kumeneku. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chidayambira ku Balaka mu 2011 ndipo pambuyo pake chidafalikira dziko lonse pansi pa Unduna wa Zaumoyo, chimapereka uphungu kwaulere pa foni, ndipo chingathandize banja kudziwa ngati nkhani ndi yodikira. Koma mwana wokomoka, wobanika kapena wokana kuyamwa, mayi woyembekezera wotaya magazi, womva mutu kwambiri kapena wotupa nkhope, ndi munthu aliyense wovulala m'mutu kapena womwa poizoni, sayenera kudikira foni kapena tsiku. Anyamulidwe nthawi yomweyo, ndipo achipatala ali ndi udindo womulandira.

Muzu wa nkhani ukadali chiwerengero. Mu 2001 maiko a mu Africa adalonjeza ku Abuja kuti adzapereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo Malawi zaka zambiri sakwanitsa lonjezolo. Ndondomeko ya zaumoyo ya dziko ya 2023 mpaka 2030 ikufuna kuti munthu aliyense apeze chithandizo choyenera popanda kusaukitsidwa nacho. Kwa anthu a kwa Kaphuka, Tambala, Chilikumwendo ndi Kachere, muyeso wa cholingacho ndi wosavuta: chipatala chilichonse chochiritsa amayi chikhale ndi azamba awiri usiku, madokotala okwanira kusinthana kolo, nyumba zawo pafupi, lokamu yolipidwa mwezi womwewo, ndi ambulansi ya mafuta m'thanki Lachisanu lisanade. Unduna wa Zaumoyo, Unduna wa Zachuma ndi khonsolo ya Dedza ayambe ndi kulemba ntchito anamwino ndi madokotala amene adamaliza kale maphunziro, ndi kuwatumiza kumene ndandanda ya wikendi ili ndi dzina limodzi lokha.